Mphete, duwa ndi tsitsi: kuwerenga zithunzi za akazi a m'zaka za m'ma 1800

Tadala Nkhoma:
Moni nonse pagulu pano. Tithandizane pa nkhani ya zithunzi za akazi zimene zinajambulidwa ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1800. Zolemba zambiri zimangondandalika matanthauzo ngati masamu oloweza: kakombo ndi unamwali, galu ndi kukhulupirika, buku ndi kupembedza, basi. Njira imeneyi ikundikayikitsa. Munthu akaima patsogolo pa chithunzi chotere ayambire pati, ndipo adziwa bwanji kuti chimene akuchitcha chizindikiro si katundu wamba wa m'nyumba?

Bambo Kamwendo:
A Nkhoma, musanayang'ane duwa funsani kaye kuti analipira ndani, ndipo chithunzicho chinkapachikidwa m'nyumba ya yani. Ku France lamulo la Napoleon la 1804, ndime 213, linkanena kuti mwamuna ateteze mkazi wake ndipo mkazi amvere mwamuna wake. Ku England mkazi akakwatiwa, ndalama zake ndi katundu wake wonyamulika zinkakhala za mwamuna. Malipiro a ntchito yake anayamba kukhala ake mu 1870, ndipo katundu wake yense mu 1882. Ndiye chithunzi cha mayi wa pabanja cha mu 1850 kawirikawiri chinaitanitsidwa ndi bambo ake kapena mwamuna wake, pa nthawi ya chitomero, ukwati kapena kubadwa kwa mwana. Chimene mukuwerenga pamenepo ndi mmene banja linkafunira kuti alendo amuone mayiyo. Zoti iye mwini anali munthu wotani, muzifufuze m'makalata ake.

Chikakhala chimodzi cha zithunzi ziwiri, pezani chinzake. Mwamuna amakhala ndi mapepala, cholembera, yunifolomu kapena mendulo, zosonyeza ntchito imene amagwira kunja. Mkazi amakhala ndi nsalu, maluwa ndi mipando, zosonyeza nyumba imene mwamunayo wamuikamo. Mukaona chimodzi chokha mwataya theka la uthenga.

Mayi Nachisale:
Zoona a Kamwendo, ndipo chotsatira ndi chaka. Tanthauzo la chovala limasintha ndi zaka, choncho phunzirani kaye kuzindikira nthawi poyang'ana diresi. Kuyambira cha m'ma 1800 mpaka 1820 chiuno cha diresi chinkakhala m'munsi mwa mabere, nsalu yake yopyapyala ndi yoyera. M'ma 1830 manja a diresi anatupa kwambiri cha kumapewa. Mu 1856 kunabwera crinoline, mikombero yachitsulo yolumikizidwa ndi timalamba imene inkatambasula siketi ngati belu. Pofika cha m'ma 1870 kutambasukako kunasamukira kumbuyo kokha. Ngakhale mtundu umathandiza: utoto wofiirira wa mauve wopangidwa ndi mankhwala anaupeza William Perkin mu 1856, ndipo unafala pa zovala zaka zochepa zotsatira.

Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri ndi kutcha mkazi aliyense wovala zoyera mkwatibwi. Ingres, wojambula wa ku France, anajambula Caroline Rivière mu 1806 atavala diresi yoyera ndi magolovesi aatali achikasu, koma anali mtsikana wamng'ono wosakwatiwa, ndipo zoyera zinali fasho ya aliyense nthawi imeneyo. Diresi yoyera ya ukwati inafala pambuyo pa 10 February 1840, tsiku limene Mfumukazi Victoria anakwatiwa ndi Albert atavala silika yoyera, lesi ya ku Honiton ndi nkhata ya maluwa a malalanje m'malo mwa chisoti chachifumu. Ndiye pa zithunzi za pambuyo pa chakachi, umboni wa ukwati ndi maluwa a malalanje ndi velo. Nsalu yoyera payokha si umboni. Zoyera zimene akwatibwi athu amavala m'matchalitchi lero ndi mwambo womwewo, unatipeza kudzera ku Ulaya.

Mphatso Chirwa:
Ine ndikuti yang'anani manja, mukhalepo nthawi. Tengani Madame Moitessier wa Ingres, amene ali ku National Gallery ku London. Anachiitanitsa mu 1844, chinatha mu 1856, zaka 12. Mayiyo wakhala pa sofa, diresi yake ndi silika ya ku Lyon yodzaza maluwa. Dzanja lamanja walitsamiritsa pambali pa nkhope, zala zatambasuka, koma simuona mfundo za zala, mitsempha kapena fupa. Zili ngati zoumbidwa ndi phula. Lamanzere lagona pa miyendo litagwira chokupizira mphepo chopinda, zibangili zolemera pa mkono. Ingres ankadziwa bwino mmene dzanja la munthu limakhalira. Anafufuta mafupawo dala, chifukwa dzanja lofewa, loyera, losagwirapo mphika kapena sopo ndilo linkalengeza kuti mwamuna wake, munthu wa mabanki, ali ndi antchito okwanira. Kaikidwe ka dzanjalo anakatenga pa chithunzi chakale cha pakhoma cha ku Herculaneum, mzinda wakale wa Aroma ku Italy, chosonyeza mulungu wamkazi. Ndiye mkazi wa munthu wolemera wasandutsidwa mulungu wosagwira ntchito.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaphonyedwa. Kalirole amene ali kumbuyo akuonetsa nkhope cham'mbali pa ngodya imene kalirole weniweni sangaonetse. Ingres ankafuna timuone mayiyo mbali ziwiri nthawi imodzi, ngati katundu wamtengo amene munthu akumutembenuza m'manja. Chachiwiri, poyamba mwana wake wamkazi Catherine ankayenera kukhala m'chithunzimo, koma anachotsedwamo. Akanatsala, bwenzi lero tikuchiwerenga ngati chithunzi cha umayi.

Aphunzitsi Gondwe:
A Chirwa, pa manja ndavomera. Pa kalirole tisathamange. Ena amati kalirole aliyense ndi chizindikiro cha kunyada, pomwe m'nyumba za anthu olemera ku Paris kalirole pamwamba pa malo osonkhapo moto anali katundu wa nthawi zonse. Ingres yemweyo anaika kalirole kumbuyo kwa Comtesse d'Haussonville mu 1845, chithunzi chimene chili ku Frick Collection ku New York. Pa shelufu pali makadi a alendo ndi magalasi oonera zisudzo. Chimene chimandipweteka pa chithunzichi ndi chimene palibe. Mayiyu anali mdzukulu wa Madame de Staël, mayi wotchuka wolemba mabuku, ndipo pambuyo pake analemba mabuku a mbiri ya anthu, kuphatikizapo Byron, wolemba ndakatulo wa ku England. M'chithunzi mulibe cholembera. Mukamawerenga zizindikiro, lembaninso zimene mumayembekezera kuona koma simunazione.

Tadala Nkhoma:
Nanga maluwa, aphunzitsi? Pajatu mabuku a matanthauzo a maluwa analipo ndithu nthawi imeneyo.

Aphunzitsi Gondwe:
Analipo. La Charlotte de Latour linatuluka ku Paris mu 1819, la zithunzi za Kate Greenaway ku London mu 1884, ndipo pakati pake panatuluka ambirimbiri. Vuto ndi lakuti sagwirizana. Duwa limodzi limatha kukhala ndi tanthauzo lina m'buku la Chifalansa ndi lina m'buku la Chingerezi, ndipo ambiri mwa mabukuwa anali mphatso zokongoletsa tebulo. Umboni woti wojambula wakutiwakuti ankatsegula buku lotere asanagwire burashi ndi wochepa. Odalirika ndi maluwa ochepa amene tanthauzo lawo linakhazikika kale m'tchalitchi ndi m'miyambo: kakombo woyera wa Mariya, maluwa a malalanje a mkwatibwi, ndi rozi, limene limawerengedwa malinga ndi msinkhu wake. Losaphukira ndi mtsikana, lotambasuka ndi mkazi wokhwima, lothothoka masamba ndi kukongola kumene kukutha kapena imfa.

Muyeso wanga ndi wa mafunso atatu. Kodi duwalo lili m'manja kapena pachifuwa, kapena lili chabe m'mbiya kumbuyo? Kodi pali chinthu china m'chithunzimo chimene chikunena zomwezo? Kodi munthu wa nthawiyo, m'kalata kapena m'nyuzipepala, analiwerenga choncho? Likalephera awiri mwa atatuwa, lembani kuti ndi duwa.

Bambo Kamwendo:
Funso lachitatulo ndi lofunika, chifukwa ngakhale eni nthawiyo ankasochera. The Awakening Conscience ya William Holman Hunt, ya 1853, si chithunzi cha mayi woitanitsa, koma imaphunzitsa bwino. Mkazi akudzuka pa miyendo ya mwamuna pafupi ndi piyano. Ali ndi mphete zingapo koma chala cha ukwati chilibe kanthu. Pansi pa tebulo mphaka wagwira mbalame, pansi pali golovesi lotayidwa ndi ulusi wosokonekera. Zizindikiro zonse zikuloza chinthu chimodzi: ndi mkazi wosungidwa kumbali, ndipo tsiku lina adzatayidwa. Komabe chitaonetsedwa mu 1854 anthu ambiri sanamve, mpaka John Ruskin, wolemba za zojambulajambula, analemba kalata ku nyuzipepala ya The Times kufotokoza. Ndipo nkhope imene tikuiona lero si yoyamba. Amene anagula chithunzicho, Thomas Fairbairn, anaona kuti nkhopeyo ikuwawa kwambiri, Hunt n'kuipentanso. Pamenepanso mwini ndalama ndiye anagamula mmene mkazi aonekere.

Chifukwa chimene chala chopanda mphete chinkalemera chotere chili m'malamulo. Lamulo la chisudzulo la ku England la 1857 linkalola mwamuna kusudzula mkazi pa chigololo chokha. Mkazi ankayenera kuonetsa chigololo ndi mlandu wina pamwamba pake, monga nkhanza kapena kuthawidwa.

Chisomo Mbewe:
Popeza mwafika pa mphete, ndichenjeze amene akuwerenga zithunzi za kamera, chifukwa apa makina okha amanamiza. Daguerreotype, njira yojambula pa mbale yachitsulo imene inayamba mu 1839, imatembenuza mbali ngati kalirole, pokhapokha wojambula ataika galasi lowongolera. Chimodzimodzi zithunzi za pa lata zotchedwa tintype. Mphete ya kudzanja lamanzere imaoneka kumanja. Musanagamule, pezani chinthu chosonyeza mbali, monga zilembo pa buku. Kumbukiraninso kuti ku Germany, Austria ndi Russia mphete ya ukwati imavalidwa kudzanja lamanja.

Chachiwiri ndi mitundu. Mankhwala a collodion, opakidwa pa galasi lojambulira, amene anayamba mu 1851 amamva kwambiri kuwala kwa buluu ndipo samva bwino kofiira ndi kwachikasu. Diresi yachikasu kapena yofiira imatuluka yakuda, ya buluu imatuluka yotuwa ngati yoyera. Akazi ambiri amene amalembedwa kuti amasiye anavala zofiira, ndipo ena olembedwa kuti akwatibwi anavala buluu.

Chachitatu ndi katundu wa mu situdiyo. Timakadi ta carte de visite, timene Disdéri analembetsa ku Paris mu 1854, pafupifupi masentimita 6 m'lifupi ndi 10 m'litali, tinkajambulidwa mwaunyinji. Buku, mzati, katani ndi mpando zinali za wojambula. Mukapeza makadi angapo a situdiyo imodzi, mudzaona buku lomwelo m'manja mwa akazi osiyanasiyana. Linkathandiza kuti manja asagwedezeke pa masekondi angapo amene kamera inali yotsegula. Yang'ananinso kumbuyo kwa mapazi: nthawi zambiri pamaoneka tsinde la chitsulo chogwira mutu. Kuuma kwa khosi kumene ena amakutcha ulemu wa akazi akale, nthawi zina ndi chitsulocho.

Mayi Nachisale:
Achemwali a Mbewe, pa amasiye ndiwonjezere njira yosiyanitsira. Silika yakuda yonyezimira inali diresi yabwino ya mkazi wamba, ya kutchalitchi, ndipo ena ankakwatirira momwemo. Chovala cha maliro chinali crape, nsalu yakuda ya makwinya imene sinyezimira konse. Pa chithunzi imaoneka ngati mwaye, yosokeredwa m'mizere yaikulu m'munsi mwa siketi ndi m'manja. Mkazi wamasiye wa ku England ankavala zimenezi chaka ndi tsiku limodzi, kenako n'kumachepetsa, ndipo nyengo yonse inkatenga zaka ziwiri kapena ziwiri ndi theka. Miyezi yomaliza ankaloledwa zotuwa ndi zofiirira. Mikanda yake inali ya jet, mwala wakuda wa ku Whitby, kapena bulochi yokhala ndi tsitsi la womwalirayo mkati. Mwamuna wofedwa ankangomanga kansalu kakuda pa chipewa, n'kubwerera ku ntchito. Victoria anavala zakuda kuyambira imfa ya Albert pa 14 December 1861 mpaka imfa yake mu 1901, ndipo zithunzi zake zinalimbitsa maganizo oti mkazi wabwino amakhalabe mkazi wa mwamuna wake ngakhale ali m'manda.

Chisomo Mbewe:
Ndipo chiuno nacho musachikhulupirire msanga. Chakumapeto kwa zakazi ojambula ankakonza galasi la negetivu ndi pensulo ndi kampeni. Kulitsani chithunzi muone m'mbali mwa chiuno. Mukapeza kachigamba kachimbuuzi pamene mizere ya katani kapena ya mpando yaduka, chiunocho chinasemedwa pa galasi. Koseti, chovala cham'kati chomanga chiuno, inalipo ndithu ndipo inkafinya, koma kamera inkawonjezerapo.

Mphatso Chirwa:
Tsitsi sitinalikhudze. Mtsikana ankayenda ndi tsitsi lomasuka, akakula ankalimanga, ndipo kuyambira pamenepo wolimasula pamaso pake anali mwamuna wake yekha. N'chifukwa chake chithunzi chimene Winterhalter anajambula Victoria mu 1843, tsitsi litagwera pa phewa losavala, chinali mphatso ya tsiku lobadwa la Albert ndipo chinasungidwa m'chipinda chake, sichinali cha anthu onse.

Tsopano muone chimene Whistler anachita mu 1862 ndi The White Girl. Joanna Hiffernan waima, diresi yoyera, katani yoyera, m'dzanja muli duwa loyera limene ambiri amati ndi kakombo. Mpaka apa ndi unamwali. Koma tsitsi lake lofiira ndi lomasuka, maluwa ena agwa pansi, ndipo waponda chikopa cha chilombo chimene mutu wake wayasamula kukamwa kuyang'ana ife. Royal Academy ya ku London inachikana mu 1862, Salon, chionetsero chachikulu cha zithunzi ku Paris, inachikana mu 1863, n'kukaonetsedwa pa chionetsero cha zokanidwa chaka chomwecho. Wolemba wina, Castagnary, anachiwerenga ngati m'mawa wotsatira usiku wa ukwati. Whistler anaumirira kuti ndi mtsikana wovala zoyera patsogolo pa katani yoyera. Ine ndimaona kuti Whistler ankadziwa chimene akuchita. Anaika zizindikiro zotsutsana pamodzi, ndipo anthu anakwiya chifukwa sanathe kugamula ngati mkaziyo ndi wabwino kapena wakugwa. Malo achitatu analibe.

Bambo Kamwendo:
Malire ake anali opyapyala ngati kachingwe, ndipo ndikunena kachingwe kenikeni. Madame X ya John Singer Sargent inaonetsedwa ku Salon mu 1884. Mkazi wa m'chithunzimo ndi Virginie Gautreau, wobadwira ku New Orleans, mkazi wa munthu wa mabanki. Mapewa osavala sanali achilendo, akazi olemera onse ankavala choncho madzulo. Chinayatsa moto ndi kachingwe ka diresi kamene kanatsetsereka pa phewa lamanja, pamodzi ndi khungu lopakidwa ufa mpaka kutuwa, khutu lofiira, ndi nkhope yotembenukira kumbali yosapempha chilolezo kwa aliyense. Pamutu pali kamwezi ka dayamondi, chizindikiro cha Diana, mulungu wosaka ndi wodzisunga. Mayi ake anapita kukapempha kuti chithunzicho chichotsedwe. Chionetsero chitatha Sargent anapentanso kachingweko kukhala pa phewa, ndipo chimene chili ku Metropolitan Museum ku New York, chimene eni malowo anagula mu 1916, ndi chokonzedwacho. Amene sadziwa zimenezi amadabwa kuti vuto linali chiyani. Pali chithunzi cha kamera chosonyeza mmene chinalili poyamba. Onaninso kuti ichi sanachiitanitse mwamuna wake, Sargent ndiye anapempha. Panalibe mwini ndalama woti amuletse.

Tadala Nkhoma:
Zonsezi ndi za azungu olemera. Nanga akazi akuda ankajambulidwa ndi zizindikiro zomwezi?

Aphunzitsi Gondwe:
Funso lolemera limenelo. Kuyera kwa khungu kunali mbali ya tanthauzo la ukazi wabwino m'zithunzi zimenezi, ndiye mkazi wakuda kawirikawiri ankaikidwa m'mbali ngati wantchito, monga Laure amene wanyamula maluwa mu Olympia ya Manet ya 1863. Chosiyana ndi chithunzi cha Marie-Guillemine Benoist cha 1800, ku Louvre. Mkazi wakuda wakhala yekha pa mpando wa ulemu, duku loyera, nsalu yoyera, lamba wofiira m'chiuno, shawelo ya buluu pa mpando, mitundu ya mbendera ya France. Anajambulidwa pakati pa 1794, pamene France inathetsa ukapolo, ndi 1802, pamene Napoleon anaubwezeretsa. Wakhala ngati dona, koma bere limodzi lili pamtunda, chimene dona wachizungu wodziwika dzina sakanalola. Ena amati ndi bere la ufulu monga m'zithunzi za boma, ena amati ndi maso a msika wa akapolo. Mkanganowu sunathe. Kwa zaka zoposa 200 chithunzichi chinalibe dzina la mwini nkhope. Dzina lake, Madeleine wa ku Guadeloupe, linadziwika kwa anthu ambiri pa chionetsero cha ku Musée d'Orsay mu 2019.

Mayi Nachisale:
Ndipo alipo amene anagwira zizindikirozi ndi manja awo. Sojourner Truth, amene anabadwira mu ukapolo ku New York, mu 1864 analembetsa makadi a chithunzi chake m'dzina lake ndipo ankawagulitsa pa misonkhano. Wakhala pa mpando, kapu yoyera, shawelo yoyera, magalasi a maso, zoluka m'manja, ulusi ukutsikira pa siketi, pa tebulo pali maluwa ndi buku ngakhale sankadziwa kuwerenga. Chilichonse ndi chilankhulo cha mayi wolemekezeka wa panyumba, chimene anthu a ku America ankati mkazi wakuda sangakhale. Pansi pake analembetsa mawu onena kuti amagulitsa mthunzi kuti asamalire mwini thupi. Kwa ife amene timati chithunzi, mawu amenewa safuna kumasulira. Apa, a Mbewe, buku la mu situdiyo lija lasiya kukhala chogwirira manja, chifukwa woitanitsa, wojambulidwa ndi wogulitsa ndi munthu mmodzi.

Chisomo Mbewe:
Ndavomera, amayi. Pa Sarah Forbes Bonetta ndiye pamafunika kusamala kwina. Anali Myoruba, Victoria ankamulipirira maphunziro, ndipo Camille Silvy anamujambula ku London mu 1862 atangokwatiwa ndi James Davies ku Brighton. Crinoline, kaimidwe ndi katundu wa mu situdiyo ndi zofanana ndi za madona ena amene Silvy ankajambula. Mabuku a Silvy a tsiku ndi tsiku ali ku National Portrait Gallery, ndiye mungathe kuyerekeza masamba oyandikana n'kuona chimene chinali cha situdiyo ndi chimene Bonetta anabwera nacho.

Mphatso Chirwa:
Woti muyesere naye njira yonseyi ndi Rosa Bonheur, mayi wa ku France wojambula zithunzi za nyama, mmene Édouard Dubufe anamujambulira mu 1857. Tsitsi lalifupi, diresi yakuda yopanda maluwa, cholembera m'dzanja limodzi, chikwama cha mapepala ojambulapo m'dzanja lina. Dubufe ankafuna kumutsamiritsa pa tebulo monga mwa chizolowezi. Bonheur sanakonde, ndipo pamalo pa tebulolo anapentapo yekha ng'ombe yamphongo, mkono wake uli pakhosi pake. Mayiyu ankayenda ndi chikalata cha apolisi a ku Paris chomulola kuvala buluku, chimene chinkakonzedwanso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, kuti azitha kugwira ntchito m'misika ya mahatchi ndi m'malo ophera ng'ombe. Koma pa chithunzi choti anthu onse aone wavalabe diresi. Poyang'ana, siyanitsani kayendedwe ka burashi pa ubweya wa ng'ombe ndi pa nkhope ya mayiyo: pa nkhope penti ndi yosalala, pa ubweya ndi yokhakhala, chifukwa pa chinsalu chimodzichi panagwira anthu awiri.